Stelia Akweza Nyimbo za Bambo Ake

1. Kwaya ya m'foni

Amene anakulira kumtunda kwa Dambe amawakumbukira a Ezekiele. Mukafunsa za ulimi wawo anthu amangomwetulira, pakuti mbatatesi zawo sizinkadzaza ngolo ngati za anzawo. Koma mukatchula kwaya, nkhani imatalika mpaka tiyi kuzizira.

Iwo ndiwo ankaphunzitsa kwaya pa tchalitchi chaching'ono cha m'mudzimo, ndipo nyimbo zambiri ankapeka okha. Kulemba nyimbo papepala sankadziwa, komanso sankafuna n'komwe kudziwa. Nyimbo ikawapeza kumunda, ankagoneka khasu, n'kutulutsa kafoni kawo ka mabatani, n'kuimbiramo.

Nyimbo iliyonse ankaiimba mbali zonse. Ankayamba ndi sopulano, mawu atawafinya ngati a kamtsikana, ana akufa ndi phwete kuseri kwa nyumba. Kenako alito, kenako tenala, n'kumaliza ndi besi, imene inali mawu awo enieni. Mbali iliyonse inkalowa m'foni payokha.

Madzulo amayi a kwaya ankabwera kudzabwereka foniyo kuti akaphunzire mbali yawo akuphika. Lero yagona kwa uyu, mawa kwa uyo. Inkabwerera ikununkha utsi, mabatani ali ufa wokhawokha, mwini wake osadandaula. Tisabise, masiku amenewo anali okoma. Lamlungu anthu ankatsika m'mapiri chifunga chisanachoke kuti asaphonye nyimbo yoyamba.

Stelia, mwana woyamba wa a Ezekiele, anakula ndi mawu amenewa m'makutu. Atasankhidwa kupita ku yunivesite, bambo ake anamuperekeza mpaka pa Neno Boma. Podikira kuti minibasi idzaze, iwo anaima pawindo akung'ung'udza besi, iye akuchita manyazi ndi anthu, akuwapempha chamumtima kuti asiye. Sanadziwe kuti akuwamva komaliza. Mvula itangoyamba, a Ezekiele anadwala masiku ochepa, n'kumwalira.

Maliro atatha, katundu wa malemu sanagawidwe. A Benedict, akulu awo a malemu, anali ku Joni, ndipo anatumiza mawu akuti awadikire. Choncho a Yunike, azakhali ake a Stelia, analonga zovala, nsapato za kutchalitchi, Baibulo ndi foni ija mu sutikesi. Zipi inali itafa kalekale, ndiye anaimanga ndi luzi, mfundo yake yodziwa okha. Sutikesiyo inakhala pansi pa bedi la amayi ake a Stelia, ndipo kwaya inayamba kuiwala nyimbo imodziimodzi.

2. Nkhokwe yosaoneka

Tchuthi chachikulu chitafika, Stelia anabwera kumudzi ndi foni yamakono yogula kwa mnzake, yosweka pakona. Anabweranso ndi chinthu china chimene sichikanaoneka m'chikwama, ndipo iye mwini anali atachiiwala.

Sabata yoyamba ku yunivesite, ophunzira atsopano anawasonkhanitsa m'chipinda cha makompyuta. Bambo wina wa imvi, a Dickson, woyang'anira makompyuta a pasukulupo, anapatsa aliyense imelo ya sukulu ndi pasiwedi. Anawauza kuti wophunzira aliyense wapatsidwa malo osungira mafayilo pa intaneti, oti akhoza kuwatsegula pa foni kapena pa kompyuta ina iliyonse. Ophunzira akale malowa amati kilaudi. A Dickson ankati nkhokwe.

"Ana anga," anatero, "chaka chilichonse ku ofesi kwanga kumabwera munthu akulira. Foni yabedwa m'minibasi, laputopu yanyowa, kafulashi kachapidwa pamodzi ndi buluku, ndipo ntchito ya temu yonse yapita. Ine ndimangomupatsa mpando, china ndilibe. Ndiye tamverani. Mukalowa ndi imelo yanu, sinthani pasiwedi, ndipo musauze munthu, ngakhale amene akukulonjezani ukwati. Tsegulani foda, muipatse dzina loti mudzalikumbukire. Mukatero sankhani fayilo, muikweze.

"Koma apa ndi pamene ambiri mumagwa. Dzina la fayilo limaoneka msanga, pamene fayilo yeniyeniyo ikadali panjira. Chimanga chimene chili pamutu sichinalowe m'nkhokwe. Dikirani mpaka muone tiki yobiriwira pambali pake, ngati ija ankachonga aphunzitsi mukakhoza samu. Tikiyo isanabwere musazimitse foni, musachotse kanthu, musafufute kanthu. Netiweki ikavuta, khalani pansi, kapena mubwerenso mawa. Kuthamanga sikufika."

Ophunzira anaseka pa za ukwatizo, ndipo ambiri anangogwira zomwezo basi. Inali nthawi ya nkhomaliro, ndipo munthu wanjala makutu ake amakhala kukhitchini. Stelia anasintha pasiwedi, n'kuthamangira pa mzere wa chakudya. Chaka chonse ntchito zake ankasunga m'foni ngati anzake, nkhokwe ili gwa, yopanda kanthu.

Anaikumbukira Lamlungu loyamba atafika kumudzi. Kwaya inaima kutsogolo, inayamba nyimbo ya bambo ake, n'kusokonekera pakati. A alito analowa m'njira ya tenala, wina anaseka, wina anapukuta m'maso ndi chitenje, ndipo anamalizira nyimbo ya m'buku. Stelia zinamuwawa kwambiri. Nyimbo zonse zinalipo, zili pansi pa bedi, ndipo iye anali ndi malo ozisungira oti mbala kapena mvula sizingafikeko.

3. Chenjezo la azakhali

A Benedict anafika kuchokera ku Joni sabata yomweyo, ndipo abale anagwirizana kuti katundu agawidwe Loweruka. Kumene foni ipite kunali kodziwika. Kwathu kuno mphwake wa munthu sachoka chimanjamanja, ndipo Gilbert, mwana wa a Yunike, anali atalengeza kale kuti jekete sakulifuna. Foni yake inali itagwera m'mafuta, chifukwa ankakazinga tchipisi pa Zalewa.

Gilbert anali msuweni wabwino, wanthabwala, wosaumira. Vuto lake linali limodzi. Memori, kakhadi kosungira zinthu m'foni, m'manja mwake sinkakhalitsa. Ankangoipereka kwa anyamata oika nyimbo pamsika, iwo n'kufufuta zonse zimene azipezamo, n'kuthiramo za dansi. Nyimbo za a Ezekiele zinali pa memori ya m'foni ija, ndipo kwina kulikonse kunalibe.

Stelia anafotokozera amayi ake ganizo lake ali ku dimba. Anati angotenga memoriyo masana amodzi, aiike m'foni yake, akweze nyimbo zonse ku nkhokwe ya sukulu, n'kuibweza. Amayi ake anamvetsera mpaka anamaliza. Anati za nkhokwe ya m'mwambayo sakuzimvetsa bwino, koma chimodzi akuchidziwa: katunduyo si wawo, mfundo si yawo, ndipo woyenera kufunsidwa ndi azakhali ake. Anawonjezera kuti safunsa anadya phula.

A Yunike anafika Lachinayi kudzathandiza kukonzekera alendo. Anali mayi wamtali, wolankhula mosapsatira, woti akakuyang'ana umayamba kukumbukira zolakwa zako za chaka chatha. Stelia anawalandira chikwama, anagwada n'kuwapatsa moni, mawu opempha ali okonzeka pakamwa. Koma iwo analowa kaye kuchipinda kukasuzumira pansi pa bedi. Atatuluka anakhala pakhonde, nkhope itamasuka.

"Mwachita bwino, alamu," anauza amayi ake a Stelia. "Mfundo yanga ndaipeza mmene ndinaisiyira."

Kenako anatembenukira kwa mtsikanayo.

"Iwe Stelia, wapita kusukulu yaikulu, mwina ukuona ngati izi ndi zachikale. Tamvera. Katundu wa malemu saopsa chifukwa cha akufa. Achimwene anga sangadzuke kudzafunsa nsapato zawo. Amaopsa chifukwa cha ife amoyo. Kwawo kwa amuna anga kunamwalira munthu, ndipo mwana wake anatenga wailesi tsiku logawa lisanafike, akuti angomvera mpira. Anaibweza, inde, yosawonongeka. Koma tsiku logawa kunasowa lamba, lamba wachabechabe wong'ambika, ndipo maso onse anapita kwa yemwe uja wa wailesi. Mwina sanatenge. Ndani akanamukhulupirira? Mpaka lero mabanja awiri aja sapalana moto, ndipo pamaliro amakhala pansi pa mitengo yosiyana.

"Luzi lija silolimba, ngakhale mwana akhoza kulidula ndi mano. Ntchito yake ndi kunena kuti ife a kuchimuna takukhulupirirani inu a kuno. Wolimasula mobisa samasula sutikesi, amamasula chibale. Wamva, eti?"

"Ndamva, azakhali," anatero Stelia.

Mawu aja opempha anawasiya. Anaopa kuti akatchula foni, azakhali aganiza kuti a pakhomo pano akumuchitira nsanje Gilbert. Apa ndi pamene mwana wathu anaphonya, ndipo ndi pamene timaphonya ambiri. Azakhali sanaletse kupempha. Analetsa kutenga mobisa. Koma munthu wamantha amamva zake.

4. Pa Halo

Lachisanu masana amayi ndi azakhali anasenza chimanga kupita kuchigayo, kukagayitsa ufa wa alendo a mawa. Stelia anatsala, akuti atsuke ziwiya. Anadikira mpaka mawu awo atazimirira kuseri kwa nthochi, n'kulowa kuchipinda.

Anakoka sutikesi ija. Asanakhudze luzi, anajambula mfundoyo ndi foni yake, kutsogolo ndi m'mbali, kuti akathe kuimanganso chimodzimodzi. Nzeru anali nazo mtsikanayu, kungoti tsiku limenelo anazitumiza ku ntchito yolakwika.

Atatsegula, fungo la bambo ake linamupeza asanakonzeke. Linali fungo la sopo wochapira, utsi wa nkhuni ndi polishi wa nsapato. Pamwamba panali jekete lija ankavala poimbitsa kwaya, lothina m'mapewa, limene linkakwera m'mwamba akatukula manja. Stelia analikumbatira, analira pang'ono, kenako anakumbukira kuti chigayo sichili kutali kwenikweni. Foni anaipeza mkati mwa nsapato. Anaitsegula kumbuyo, n'kutulutsa kamemori kochepa ngati chikhadabo.

M'mudzi mwawo netiweki sifika pakhomo. Wofuna kuimba foni amakwera pa thanthwe lina pamwamba pa mudzi, limene anthu analitcha Pa Halo, chifukwa aliyense akafikapo amayamba ndi mawu omwewo. Stelia ali ku sekondale yogonera komweko, bambo ake ankakwera pamenepa Loweruka lililonse kudzaimbira foni aphunzitsi ake, kuti angomva ngati mwana akudya. Ankabwerera kunyumba ali wefuwefu, n'kukauza mudzi wonse kuti Stelia wapereka moni, ngakhale asanalankhule naye.

Anakwera mothamanga, anakhala pa mwala umene bambo ake ankakhalapo, n'kulowetsa memori m'foni yake. Analemba imelo ya sukulu. Pasiwedi inayamba yakana, koma kachiwiri inalola. Nkhokwe yake inatseguka, yoyera mbee. Anatsegula foda n'kuitcha Nyimbo za Bambo.

Mafayilo a pa memori analibe mayina a nyimbo. Kafoni kaja kankangowapatsa manambala, moti sukanadziwa kuti iyi ndi sopulano ya nyimbo iti. Analinso ambiri kuposa mmene ankaganizira. Stelia anawasankha onse, n'kudina pokweza.

Nthawi yomweyo manambala aja anandandalika mu foda, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mtima wake unadumpha ndi chimwemwe. Pamwamba panabwera tiki yobiriwira, kenako ina. M'munsi monse munali timizere tozungulira, totuwa, tikungozungulira osafika. Netiweki inkabwera, n'kuchoka, n'kubweranso. Mphepo ya ku Dambe inayamba kumulowa m'malaya.

Akanakhala kuti anapempha, akanakhala pamwalapo mpaka dzuwa kulowa. Zikanavuta, akanakwera kabaza m'mawa kupita pa Boma pamene netiweki ndi yamphamvu, azakhali akudziwa, mwina atamupatsanso chinangwa cha panjira. Koma wochita zinthu mobisa sakhazikika pansi. Diso limodzi linali pa foni, lina kunjira ya kuchigayo.

Ndipo kunjirako kunaoneka anthu awiri, matumba oyera ali pamutu. Wakutsogolo anali wamtali.

Za a Dickson anazikumbukira ndithu, koma theka. Anayang'ana manambala aja, onse ali mu foda, n'kudziuza kuti poti mayina afika, zotsalazo zimalizika zokha. Anazimitsa foni, anachotsa memori, n'kutsetsereka njira yachidule yodutsa m'munda wa tirigu. Anabweza memori m'kafoni, kafoni mu nsapato, n'kumanga luzi akuyang'ana chithunzi chija. Amayi ndi azakhali polowa pabwalo anamupeza akukwecha poto amene anali woyera kale.

5. Tsiku logawa

Loweruka m'mawa anayala mphasa pansi pa mtengo wa mapeyala. Abale a kuchimuna anakhala mbali imodzi, a pakhomo mbali ina. Amayi angapo a kwaya anabweranso, n'kukhala chakumbuyo, poti malemu anali wawonso. A Benedict anatsegula ndi pemphero, ndipo sutikesi inaikidwa pakati.

A Yunike anagwada pambali pake. Anaiyang'ana mfundo ija kanthawi, n'kuimasula. Stelia anapumira m'mwamba mwakachetechete.

Kugawa kunayenda bwino, mopanda mkangano. Chovala chilichonse chikatuluka, wina ankakumbukira kanthu. Malaya a mizere ndi aja anavala pa ukwati wa uje, n'kuimbitsa kwaya batani limodzi litaduka. Chipewa ndi chija chinauluka pa msonkhano wa makwaya ku Boma, iwo osasiya kuimbitsa. Anthu ankaseka, kenako n'kupukuta m'maso. Jekete linapita kwa a Benedict, nsapato kwa m'bale wina amene zinamukwana, ndipo Baibulo anawasiyira amayi ake a Stelia.

Pomaliza inatsala foni. A Benedict anainyamula n'kutchula dzina la Gilbert. Iye anadzuka akusisita m'manja, n'kuuza Stelia kuti asadandaule, poti iye msuweni wophunzira ali kale ndi foni yagalasi, ndipo ya mabatani ndi ya anthu okazinga tchipisi. Anthu anaseka.

"Dikira kaye," anatero a Yunike, n'kuigwira foniyo isanafike m'manja mwa mwana wawo. Anayang'ana Stelia. "Achimwene ankaimbira m'foni umu, tonse tikudziwa. Iwe ndiwe mwana wamkulu. Ngati muli kanthu kamene ukufuna, nena pano pa anthu. Kakhadi ka mkatika tikhoza kukusiyira, uyu akagula kena ku Zalewa."

Amayi a kwaya anatukula mitu.

Chinthu chimene anachiba dzulo, lero ankamupatsa ndi manja awiri. Stelia anachita manyazi aakulu, ndipo maso a azakhali ankamutentha. Anangofuna kuti nkhani ya foniyi ithe msanga, anthu ayang'ane kwina. Ndiponso ankadziwa, kapena ankaganiza kuti akudziwa, kuti nyimbo zonse zili kale m'nkhokwe.

"Ayi, azakhali, palibe," anatero. "Atenge."

Amayi ake anamuyang'ana modabwa. Kumbuyo kuja mayi wina wa alito anausa moyo, n'kuyamba kukonza mpango wake kumutu. A Yunike anafunsanso ngati watsimikiza, ndipo Stelia anagwedeza mutu kuvomera. Foni inalowa m'thumba la Gilbert.

Atadya, Gilbert anatsanzika. Anati sangagone, poti chiwaya anasiyira mnzake wosadziwa kusenda mbatatesi. Akukwera kabaza wopita pa Boma anauza anyamata anzake, Stelia akumva, kuti Lolemba akaithira foniyo nyimbo zoti makasitomala azivina podikira tchipisi. A Yunike anatsala, kuti anyamuke m'mawa akapuma.

6. Besi yokha

Alendo atachepa, amayi ake anamupeza Stelia kuseri kwa khitchini. Anamufunsa motsitsa mawu chifukwa chimene anakanira mawu a bambo ake pamaso pa anthu. Iye anayankha kuti sanawakane, ndipo anawapempha kuti akwere naye Pa Halo akawaonetse kanthu.

Atamva za Pa Halo, amayi anakumbukira ganizo lija anawafotokozera ku dimba. Anamvetsa zimene zinachitika dzulo lake iwo ali kuchigayo, ndipo nkhope yawo inagwa. Sanakalipe. Anangomanga chitenje, n'kutsogola.

Dzuwa linali litapendeka pamene anafika pa thanthwe. Stelia anatsegula nkhokwe yake monyadira pang'ono, akufuna kuti chimwemwe cha amayi chikwirire mlandu wake. Foda inatseguka. Pamwamba panali mafayilo ochepa a tiki yobiriwira, owerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Ena onse anali ndi kachizindikiro kofiira. Anadina kuti ayesenso, ndipo foni inayankha kuti mafayilowo sikuwapeza. Ikanawapeza kuti, memori ili pa msewu wa ku Zalewa?

Anadinanso, n'kudinanso. Anauza amayi ake zoona, kuti anachotsa memori nyimbo zisanamalize kukwera, ndipo kuti anachenjezedwa za zimenezi koma anathamanga.

Amayi anakhala pa mwala n'kumuuza kuti atsegule zimene zafikazo. Yoyamba inali tenala ya nyimbo ya Khirisimasi. Yachiwiri inali alito ya nyimbo ina. Yachitatu inali yaifupi: a Ezekiele anayamba, anatsokomola, n'kunena okha kuti alakwitsa. Panalibe nyimbo ndi imodzi yomwe yokwanira mbali zake.

Yomaliza inali besi. Mawu a bambo ake enieni anatuluka m'kafoni kosweka pakona, akuya, osafulumira, ngati ali pomwepo kuseri kwa mwala. Besi payokha ilibe mawu ambiri. Inkangobwereza kuti ndikwera, ndikwera, n'kusiya mpata pamene ena amayenera kulowa.

Pa mpata woyamba panali chete. Pa wachiwiri amayi anatsinzina, n'kulowa ndi sopulano.

"Phiri ili ndikwera nanu, Ambuye, musafulumire. Miyendo yangayi ndi ya munthu."

Mawu awo ankanjenjemera, koma sanaphonye polowera. Chiikireni maliro anali asanaimbepo, ngakhale kutchalitchi. Anaimba ndi amuna awo mpaka kumapeto, ndipo nyimbo itatha m'fonimo munamveka mbuzi ikulira chapatali ndi khasu likutoledwa pansi. Stelia analira osabisa nkhope.

Amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Imeneyi ndikuidziwa, chifukwa anaipeka ndili ndi pakati pa iwe," anatero. "Zinazo ndayamba kuiwala pakati pake, ndipo anzanga aiwala kuposa ine. Zili kuti tsopano?"

"Zili m'thumba la Gilbert, amayi. Mpaka Lolemba."

Stelia anaganiza zomuimbira Gilbert, koma foni yake ndi ija inagwera m'mafuta, ndipo nambala ya malemu inali itatsekedwa kale. Panalibe njira ina koma kumutsatira ku Zalewa.

"Kupita ukhoza kupita," anatero amayi. "Koma chinthu unachikana pa anthu, abale onse akumva. Sungakachitenge kuseri ngati kuti mawu a pabwalo ndi masewera. Woti angamuuze Gilbert kuti abweze ndi amayi ake. Ndipo azakhali ako akufunsa chifukwa chimene unakanira m'mawa n'kufuna madzulo. Pamenepo ine sindikakuyankhira. Sindinamasule nawo."

Anatsika, amayi patsogolo. Njira ija Stelia anaithamanga dzulo lake, lero inamutalikira. Atafika pa munda wa tirigu anachepetsa liwiro, ndipo amayi sanatembenuke kumufulumizitsa. Pabwalo amayi anapatukira kukhitchini n'kumusiya yekha.

A Yunike anali pakhonde, akusankha mbatatesi zoti anyamule m'mawa, zazikulu m'thumba, zazing'ono m'lichero. Stelia anayandikira, anagwada patali pang'ono, n'kuika foni yake pansi.

"Azakhali, ndili ndi mawu."

Iwo sanatukule mutu. Anatola mbatatesi ina, anaitembenuza, n'kuiponya m'thumba.

"Ndawadikira kuyambira m'mawa," anatero. "Sendera kuno. Uyambire dzulo, ife tili kuchigayo."